Nkhope pansi pa chigoba

Laputopu ya Tikondwe inabedwa m'minibasi pa Chimbiya, iye atatulutsa mutu pawindo akunenerera kachewere. Pobweza mutu anapeza chikwama palibe, ndipo bambo wa jekete yofiira amene anakhala naye pafupi anali atatsika kale.

Za ntchito za ku koleji sanaziganizire n'komwe. Chimene anaganizira chinali chithunzi chimodzi.

Dziwani, mnyamata wa ku Chongoni amene ankakondana naye mobisa, anali wolowa gule. Tsiku lina la chiliza Tikondwe anamupeza kuseri kwa thanthwe, thupi lonse matope ndi nthenga, atakweza chigoba pamphumi akumwa madzi. Anamujambula. Dziwani anamuchonderera kuti afufute. Iye anafufuta m'foni, koma chithunzicho chinatsala mu akaunti yake ya pa intaneti, ndipo ankakonda kuchitsegula ali yekha. Laputopu ija inalibe pasiwedi, akauntiyo inali chitsegukire. Nkhope ya munthu pansi pa chilombo ikanayamba kuyenda m'mafoni, Dziwani sakanapondanso m'mudzi mwawo.

Tikondwe anayesa kusintha pasiwedi ya akauntiyo pa foni. Foni inamuuza kuti manambala otsimikizira atumizidwa ku nambala imene anatsegulira akauntiyo. Inali ya bambo ake, a Bonifasi, mkulu wa mpingo ku Lobi, munthu wotseka mawindo akamva ng'oma. Anawaimbira, foni yawo inali yozima.

Njira ya ku Lobi inatalika tsiku limenelo. Aliyense woweramira pa foni m'galimoto ankaoneka ngati akuona chithunzicho. Mtsikana wina kumbuyo ataseka, Tikondwe anaganiza kuti wachiona.

Bambo ake anawapeza m'munda wa nyemba. Foni anali ataisiya pa golosale kuti itchajidwe, choncho anatsetsereka limodzi, iwo akuyenda mwa phee, akupatsa moni aliyense ndi kufunsa za odwala. Atamva za kubedwa kwa laputopu, anamufunsa chimene chinali m'makinamo. Iye anati za sukulu.

"Za sukulu sizinjenjemeretsa munthu chonchi, mwanawe," anatero, foni ili m'manja. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anamupatsa osafunsanso.

Manambala anafika. Tikondwe anasintha pasiwedi, anatulutsa akaunti m'zipangizo zonse, anafufuta chithunzi chija mpaka m'zinyalala momwe. Atati apume, anaona kamzere kakang'ono m'munsi: laputopu inali itatsegulidwa masana omwewo, ku Dedza boma. Ngati wakubayo anaona chithunzicho, kapena kuchisunga pena, kamzereko sikananene.

M'mawa mwake anapita ku Chongoni. Dziwani anali m'mphepete mwa nkhalango akuwaza nkhuni. Tikondwe anamuuza zonse ataimirira patali, osabisa kanthu. Anati mwina wakubayo anangofufuta zonse kuti agulitse, akuba ambiri amatero.

"Mwina," anatero Dziwani. Anatsamiritsa nkhwangwa pa chitsa. "Koma akuluakulu a gule akachiona pa foni ndisanawauze, ndatha. Bola amve kwa ine."

"Akakuchita chiyani?"

"Sindikudziwa. Dzina lako sinditchula. Iwe pita kwanu, usadzere njira ya kumanda."

Anapukuta manja pa buluku n'kulowa kanjira kokwera ku dambwe, kumene mkazi safika. Tikondwe anatsala pa nkhuni zija, akumvetsera masamba ouma akuphwanyika mpaka phokosolo linatha.