Makadernu Asanu ndi Awiri a Pascoal

Pamsika wa ku Fíngoè, mabolinyu a Bibiana, timandasi tokazinga m'mafuta, ndi okhawo ankabwera okulungidwa papepala. Enawo amangokuponyera m'manja ngati wapempha. Mapepalawo anali a malemu mchimwene wake Pascoal, amene anakhala zaka makumi awiri kunja akuphunzitsa ku univesidadi, n'kubwerera kumudzi ndi chifuwa ndi sutikesi imodzi. Anthu anaseka. Sukulu yonse ija, munthu n'kubwera opanda ndi njinga yomwe?

Asanatsirizike, Pascoal anamugwira dzanja. "Mlongo wanga, undisungire mapepala angawa. Kudzabwera anthu."

Ndipo anasungadi, tisamunamizire. M'sutikesimo munali mapepala otayipa, oyera bwino, dzina la Pascoal lili pamwamba. Munalinso makadernu, mabuku olembamo aja, asanu ndi awiri olemba pamanja, okhwatchakhwatcha, manambala okwerana ngati popalasa nkhuku. Bibiana sukulu analekezera kalasi yachinayi, koma ankadziwa kuti ntchito umayamba waidetsa, kenako n'kuikopera poyera, yakudayo n'kutaya. Otayipawo anawakulunga m'pulasitiki kawiri, n'kuwaika padenga pomwe chiswe sichifika. Makadernuwo anawatengera kumsika.

Patatha miyezi khumi, mota, njinga yamoto ija, inatsitsa mayi wina wamagalasi, fumbi mpaka m'nsidze. Anagula mabolinyu awiri. Ataluma kamodzi anayang'ana pepala lija, n'kusiya kutafuna.

"Mayi, pepala ili mwalitenga kuti?"

"Ndi la achimwene anga, malemu Pascoal."

Mlendoyo anakhala pansi, padothi penipeni. Anati dzina lake ndi Ilda, wachokera ku Maputo, ndipo amene anamuphunzitsa ntchito ndi a Dotolo Pascoal. Wabwera kudzafuna mlongo wawo.

Ha, Bibiana mtima unachita kudumpha! Anthu aja abwera. Anathamangira kunyumba kuseri kwa msika, n'kubwera atanyamula pulasitiki ija ndi manja awiri.

"Onani, palibe ndi limodzi lomwe lanyowa."

Ilda anangowasuzumira. Kenako anatulutsa foni n'kumuonetsa mndandanda wautali. "Awa ndi omwewa, makumi asanu ndi atatu. Aliyense padziko angathe kuwawerenga pafoni. Nambala ili apayi, sikisi sauzande, ndi ya nthawi zimene anthu ophunzira atchula dzina la achimwene anu polemba zawo."

"Pascoal wathuyu? Wazigamba m'zigongono uja?"

"Yemweyo. Ankafufuza timiyala tating'ono tomwe timalola magetsi kudutsa kapena kuwakaniza. Timeneti ndi tomwe tili m'foni, ndi m'mapainelo adzuwa amene okumba golide amatchajira matochi awo. Chaka chawo chomaliza anandilembera kuti apeza njira yoti painelo isamafooke dzuwa likatentha ngati la kunoli. Sanaitayipe. Anati zonse zili m'makadernu asanu ndi awiri."

Bibiana anacheukira patebulo pake.

"Koma si zakuda zija? Zokopera?"

"Sanakopere paliponse, mayi. Zinali kwa inu nokha. Zili kuti?"

Bibiana analoza patebulo. Pansi pa mwala wopsinjira panali kadernu wachisanu ndi chiwiri, atatsala masamba anayi ndi chikuto. Ena onse anapita kumigodi m'manja mwa okumba golide, tsamba limodzi limodzi. Ena ankapempha mapepala awiri, lina lopichirira fodya, iye n'kumapereka akuseka.

Ilda anachotsa mwala uja. Anawerenga masamba anayiwo, kutembenuza, kuwerenganso.

"Apa pali yankho lokha," anatero motsitsa. "Njira yofikira pamenepa ndi imene munakulungira."

Bibiana sanalire msanga. Ankangomva mawu aja, undisungire mapepala angawa. Miyezi khumi yonseyi ankayenda monyada kuti mawu a womwalira sanawagwetse pansi. Mayo ine! Anthu ankamuseka mchimwene wake kuti wabwera chimanjamanja, chonsecho amene anataya zomwe anabwera nazo ndi mlongo wake yemwe, m'mawa uliwonse, ndi manja amafuta.

Pomwepo panafika wokumba golide wina, kasitomala wa masiku onse, matope mpaka m'mawondo.

"Mayi Bibiana, atatu otentha. Mukulunge kawiri ngati dzulo."

Bibiana anatola mabolinyu atatu m'mafuta muja ndi zala, osamva n'kupsa komwe, n'kumuikira m'manja.

"Aa, nanga pepala?"

"Mapepala atha," anatero Bibiana. "Ndinawamaliza ndekha."