Pampu Yomvera Nyundo

Mapasa atabadwa, kagalimoto ka Magalasi kanachepa. Anthu ankamutchula choncho chifukwa ankagwira ntchito m'sitolo yoyeza maso, ndiponso iye mwini ankavala magalasi ochindikala moti ana ake ankati maso a bambo awo amakhala kutali. M'nyumbamo munali kale ana atatu, mkazi wake, ndi apongozi ake aamuna, amene anabwera kudzakhala nawo agogo aakazi atamwalira. Tsono anagulitsa kagalimoto kaja n'kugula galimoto yaitali ya banja, ya mizere itatu ya mipando ndi chitseko chochita kukoka cham'mbali. Wogulitsa anamuuza kuti galimoto imeneyi adzaphunzirirapo kuyendetsa ndi adzukulu omwe.

Miyezi yoyamba zonse zinali bwino. Kenako m'mawa wina, akuperekeza ana kusukulu, galimoto inazima pa maloboti. Sinatsokomole, sinanjenjemere, inangosiya basi. Magalasi anapotoza kiyi, injini n'kuzungulira, kuzungulira, osagwira. Kumbuyo mahutala anayamba kulira. Maloboti anasintha, n'kusinthanso, ndipo mwana wake wachiwiri anafunsa ngati afika.

Anthu odutsa anathandiza kuikankhira pambali, wina n'kukaitana makaniko wa galaja yapafupi. Makaniko sanatsegule n'komwe boneti. Anagwada pafupi ndi tayala lakumbuyo, khutu kuthanki, n'kuuza Magalasi kuti apotoze kiyi.

"Mwamva chiyani, bwana?"

"Sindinamve kanthu."

"Vuto lake ndi limenelo. Pampu ya petulo imakhala m'thanki umu. Ikakhala yamoyo imang'ung'uza mukangopotoza kiyi. Yanuyi yagona."

Anatenga sipanala n'kugogoda thanki chapansi, ndipo injini inalira ngati sinalakwepo chilichonse.

"Mwaikonza?" anafunsa Magalasi.

"Ndaidzutsa. Kukonza ndi nkhani ina. Za mtundu uwu zikubwera zambiri masiku ano. Pitani kumene munaigula, ikadali m'manja mwawo imeneyi."

Kunyumba Magalasi anafotokoza bwinobwino kuti kuyambira tsopano galimoto izifuna anthu awiri: wina wopotoza kiyi, wina wogogoda thanki. Mkazi wake, mapasa ali uku ndi uku, anati manja ali nawo awiri ndipo onse ali ndi eni ake.

Apongozi anali pabalaza, pampando wawo wa masiku onse, akuyang'ana wailesi yakanema atatsitsiratu mawu. Anali kalipentala kale, koma chibwerere m'nyumbamo sanagwirepo thabwa. Iwo ndi Magalasi ankalemekezana kwambiri. M'mawa ankafunsana za kadzukidwe, madzulo za kasweredwe, ndipo pakati apo panalibe chifukwa chovutitsana. Tsiku limeneli mkuluyo ananyamuka, analowa kuchipinda kwake, n'kutuluka ndi nyundo yamtengo, yakuda ndi thukuta la zaka zambiri.

"Chitsulo pa thanki ya petulo ayi," anatero. "Mudzatiotcha tonse."

Ntchito anailowa choncho, popanda wowalemba. M'mawa ankadzuka onse asanadzuke, n'kuvala jekete, n'kukaima pafupi ndi galimoto, nyundo kudzanja lina, katoni yogwadira kudzanja lina. Galimoto ikalira yokha ankakwera mwakachetechete ngati munthu amene wamanidwa moni. Ikakana, ankayala katoni ija mosafulumira, kugwada, kugogoda, n'kufuula kuti, "Potozani!" Anali mawu oyamba okweza amene Magalasi anawamva kuchokera kwa iwo.

Popeza pampu sinkanena kuti igonera pati, apongozi ankapita kulikonse: kusukulu, kumsika, kusikelo ya mapasa. Kuntchito ankakhala pabenchi ya odikira kuyezedwa maso, ndipo makasitomala aulemu ankawauza kuti atsogole ndi iwo poti anafika kale.

Ku kampani imene anagulako galimoto, Magalasi anapitako kangapo. Vuto linali lakuti pampu ikangofika pamenepo inkachira. Manijala, bambo wa malaya oyera ndi mawu ofatsa, ankapotoza kiyi yekha, injini n'kulira nthawi yomweyo.

"Yabwera yokha, yalira yokha," ankatero akumwetulira. "Nanga ndilembe kuti chavuta n'chiyani, achikulire?"

Ulendo woyamba anati ndi petulo wakuda. Ulendo wachiwiri anati Magalasi amayenda thanki ili pafupi kuuma. Ulendo wotsatira anafunsa kuti m'banjamo alimo angati, ndipo atamva anapukusa mutu n'kunena kuti galimoto nayo imatopa.

Ndi m'chipinda chodikirira momwemo, pamipando yapulasitiki pafupi ndi thanki ya madzi akumwa yopanda makapu, m'mene Magalasi anadziwira kuti sali yekha. Munali mayi wina wamkulu thupi ndi mawu omwe, mwini sukulu ya mkaka, amene ankanyamula ana pa galimoto ya mtundu womwewo. Munalinso bambo wophika makeke, wowonda, amene galimoto yake inazima ali ndi keke ya ukwati kumbuyo, dzuwa lili pamutu.

"Inakafika ili chakumwa," anatero wamakeke.

"Inu anakuuzani kuti vuto n'chiyani?" mayi uja anafunsa Magalasi.

"Akuti ndife ambiri."

"Ine akuti ana amadumphadumpha, pampu imasokonezeka mutu."

"Ine akuti makeke ndi opepuka," anatero wamakeke. "Galimoto imafuna katundu."

Palibe anaseka. Mayi wa sukulu uja anatulutsa foni n'kuyamba kutenga manambala. Sabata isanathe anali atapeza eni magalimoto ena angapo, ndipo anagamula kuti Lachisanu m'mawa onse abwere nthawi imodzi, aimike magalimoto awo pakampanipo, asachoke mpaka wina awamvere.

Magalasi sankakonda phokoso. Ntchito yake inali yofunsa anthu motsitsa mawu kuti, "Apa kapena apa, mukuona bwino pati?" Anauza mkazi wake kuti mwina Lachisanu kuntchito kukhala anthu ambiri.

"Mupita," anatero mkazi wake. "Bambo anga akugwada m'misewu ngati wolapa. Mawondo awo munagula pamodzi ndi galimotoyo?"

Anapita, koma mochedwa dala, poganiza kuti akapeza zitatha. Anapeza zisanayambe. Magalimoto ofanana anali atandandalikidwa kuchokera pakhomo la ofesi mpaka kugeti, ndipo malo okhawo otsala anali pageti penipenipo. Anaimika pomwepo n'kuzimitsa. Motero munthu amene sankafuna n'komwe kubwera ndi amene anatseka njira.

Manijala anatuluka, kumwetulira kuli pomwepo koma maso ali kumsewu. Anati madandaulo onse awamva, awalemba, ndipo akambirana bwinobwino masana. Pakali pano akupempha kuti njira itseguke chifukwa kukubwera bwana wamkulu wochokera kulikulu. Mayi wa sukulu anati bwana wamkuluyo ndi amene akumufuna. Manijala anamusiya n'kulunjika kwa Magalasi, pozindikira kuti pagulu lililonse pamakhala munthu wofewa.

"Achikulire, ine ndi inu timamvana. Tangosunthani pang'ono."

Magalasi anamva manyazi. Anayang'ana pansi, n'kulowa m'galimoto, mayi uja akumuponyera diso loti tidzaonana. Anapotoza kiyi. Injini inazungulira osagwira. Anapotozanso. Chimodzimodzi.

"Masewera ayi, achikulire," anatero manijala.

"Si masewera. Yagona."

Manijala anamutsitsa n'kukhala yekha pachiwongolero. Anapotoza, anapondaponda, anapotozanso mpaka batire inayamba kulira mwaulesi. Panthawiyo galimoto yakuda yonyezimira inali itaima kunja kwa geti, ikuliza hutala mwaulemu. Kukankha sikukanatheka: kutsogolo kunali galimoto ya wamakeke, kumbuyo kunali ya bwana.

Magalasi anasuzumira pachitseko cham'mbali. Apongozi anali pampando wawo, jekete atamanga mabatani, nyundo pamiyendo.

"Bambo, mwina mungatithandize."

Mkuluyo anayang'ana manijala, anayang'ana mzere wa magalimoto, n'kuyang'ananso kutsogolo.

"Msana ukundiwawa lero," anatero.

Chiyambire ntchitoyi anali asanadandaulepo za msana, ngakhale tsiku limene anagwada m'matope mvula ikugwa.

Wamakeke ndi amene anafotokozera manijala kuti agogowa amadziwa kudzutsa pampu. Manijala anawerama pachitseko, manja pamodzi, n'kuwatchula kuti bambo, kenako agogo, kenako bwana. Apongozi anamvetsera zonse mpaka kumapeto. Atatero anamupatsa nyundo ndi katoni.

"Thanki ili pansi apo, kuseri kwa tayala. Musamenye ngati mukupha njoka. Muzingogogoda ngati pakhomo pa eni ake."

Hutala inaliranso kunja, ulemu utachepako. Manijala anayala katoni, anakokera thalauza m'mwamba, n'kugwada. Anali mkati mogogoda pamene bwana wamkulu, atatopa kudikira, analowa wapansi pakageti ka anthu n'kuima pambuyo pake. Anali mayi wamfupi wa tsitsi la imvi, chikwama m'khwapa.

"Mukutani pansipo?"

Manijala anatembenuka ali chigwadire. "Ndikudzutsa pampu, bwana."

"Pampu zake ziti? Zomwe zija munatiuza kuti zilibe vuto?"

"Potozani!" anafuula apongozi ali m'galimoto.

Magalasi, amene anali atabwerera pachiwongolero, anapotoza. Injini inalira. Palibe anaomba m'manja. Bwana wamkulu anayang'ana nyundo, anayang'ana mzere wonse wa magalimoto, n'kufunsa kuti mtsogoleri wa anthuwa ndani. Mayi wa sukulu anali atayamba kale kuyenda kubwera.

Zokambirana zinatenga m'mawa wonse. Magalasi anangokhala pakona mu ofesimo, koma potuluka anzake anamugwira chanza mwamphamvu, wamakeke n'kunena kuti nzeru yotseka geti ija inali yakuya. Magalasi anayesa kufotokoza kuti sanachite dala, koma anamuuza kuti asadzichepetse. Apongozi sanalowe nawo. Mayi wa sukulu atatuluka anakawapeza kugalimoto, ndipo awiriwo anacheza kwa kanthawi, mkuluyo akuonetsa ndi manja kutalika kwa chinthu china.

Mwezi usanathe kampani inaitana onse n'kusintha mapampu. Ya Magalasi anaisintha Lachitatu. M'mawa wa Lachinayi anatuluka m'nyumba n'kupeza apongozi ataima pamalo awo, jekete, nyundo, katoni. Palibe anali atawauza kuti ntchito yatha, ndipo Magalasi anaona kuti iyeyo sangathe kuwauza. Ana atakwera, anapotoza kiyi theka lokha, n'kudikira, n'kutulutsa mutu pawindo.

"Yakananso, bambo."

Mkuluyo sanayale katoni. Anapendeketsa mutu, kumvetsera.

"Ikung'ung'uza," anatero. "Mano ndi amene anatha, makutu alipo. Lizani galimoto, ana achedwa."

Magalasi analiza. Apongozi anatsamiritsa katoni kukhoma, koma nyundo anakwera nayo. Atatsitsa ana kusukulu, mkuluyo anakonza kukhosi.

"Munditsitse ku sukulu ya mkaka ija. Mayi aja akuti timipando tawo tatha miyendo."

Kuyambira tsiku limenelo ankatsika kumeneko m'mawa uliwonse, Magalasi n'kudzawatenga poweruka. Pobwerera ankanunkha utuchi ndi vanishi, ndipo ankayankhula njira yonse: za guluu wa masiku ano amene sagwira, za ana amene amakhala pampando ngati akulimbana nawo, za misomali yopindika isanamenyedwe. Magalasi ankavomera kuti inde, ndipo nthawi zina ankafunsa funso.

Patapita milungu ingapo mkazi wake anayamba kuwerengera m'mutu.

"Kodi pasukulu imeneyo pali timipando tingati?"

"Ana amathyola tsiku lililonse," anatero Magalasi.

"Nanga Loweruka? Loweruka kumakhala ana? Dzulo anandifunsa ngati malaya abuluu aja amawakhala. Bambo anga chibadwire sanafunsepo za malaya."

Loweruka limenelo apongozi anati asawatsatire, mayi aja adzawasiya okha. Chakumadzulo, dzuwa lisanalowe, galimoto yofanana ndi yawo inaima pageti. Mkazi wa Magalasi anaima pawindo, mmodzi wa mapasa ali paphewa, katani atakoka pang'ono. Awiri aja anali pamipando yakutsogolo akucheza, injini ikulira. Palibe amene ankaoneka kuti akufuna kutsika.

"Bwanji sakuzimitsa?" anafunsa.

"Munthu amene anavutikapo ndi pampu sazimitsa galimoto msanga," anatero Magalasi.

Mkazi wake anasiya katani. Kenako anamusenzetsa mwana uja, anavula epuloni, n'kupukuta manja.

"Ikani madzi a tiyi pamoto, mutulutse makapu a alendo aja. Ndikukawaitana ndekha. Ndikufuna ndiwaone bwinobwino mayi amenewa."