Mpunga wa Lachisanu

"Aimbirenso a mmonke aja," anatero Priyantha, maso ali pa wotchi yapakhoma.

"Ndaimba kanayi, achimwene. Atsekeredwa pamzere wa magalimoto potuluka mu Dubai. Mukufuna ndiwaulutse?" anayankha mlongo wake Hasanthi, akupukuta mbale youma kale.

Linali tsiku lachisanu ndi chiwiri chimwalirireni mayi awo, a Karunawathi, omwe anakalambira kuno ku Sharjah akugwira ntchito m'nyumba za eni. Pa tsikuli ife timadyetsa mmonke, wansembe wa chipembedzo chathu, kuti ubwino wa mphatsoyo ukafike kwa womwalirayo. Koma mmonke sadya dzuwa likapitirira paliwombo. Ikangokwana 12 koloko basi kwatha, ngakhale ulire chotani.

Mpunga, mphodza, nsomba ya tsabola ndi mabiringanya zinali chidikirire pa nsalu yoyera. Priyantha anachoka ku Doha mochedwa, napeza mtembo atautentha kale. Zaka zinayi osaponda pakhomopa. Chakudya ichi n'chokhacho chimene chinatsala choti awachitire mayi ake, ndipo mantha akewo anawasandutsa ukali.

"Ukanapangana nawo kuti abwere m'mawa."

"Inuyo mundiphunzitse ine? Munthu woti ngakhale foni munaleka kuimba?"

"Ndinkaimba. Lachisanu lililonse, tsiku langa lokhalo lopuma. Iwo n'kumangoti, 'Mwanangu, ndatanganidwa, tilankhulanabe.' Ndinaona kuti ndikuwasowetsa mtendere."

Hasanthi anangopitiriza kupukuta mbale ija.

Mmonke analowa 12 itapitirira ndi mphindi makumi awiri, nsalu yake yachikasu itanyowa ndi thukuta. Priyantha anagwada, kenako anachita chinthu chomvetsa chisoni: anatambasula mkono, kuonetsa wotchi yake yomwe inali ikuyendabe nthawi ya ku Doha, yotsalira ndi ola limodzi.

"Olemekezeka, apa sinakwane. Taonani, idakali 11. Ngakhale supuni imodzi yokha."

"Dzuwa la kuno silidziwa za ku Doha, mwanangu," anatero mmonkeyo mofatsa. "Ndikadya, ndakunamiza iwe, ndawanamizanso mayi ako."

Priyantha anagunditsa chipumi pansi nalira ngati kamwana. Kunena zoona, ngakhale amene ankamunena kuti ndi wouma mtima akanamumvera chisoni.

Mmonke anamusiya alire, kenako anafunsa, "Kodi wanjala m'dera lino ndine ndekha? Perekani chakudyachi chikadali chotentha. Mwambo wothira madzi, wopereka ubwino wa mphatsoyi kwa mayi anu, tichita mukabwerako."

Hasanthi anapita pazenera, nasuzumira pansi.

"Lero ndi Lachisanu," anatero chapansipansi. "Achimwene, nyamulani poto wa mpungayo."

Anatsika masitepe a nsanjika zonse zinayi za nyumbayo. Kuseri, m'kamthunzi ka khoma, munali amuna angapo okhala chonjuta, otsuka magalimoto ndi osesa mumsewu, ena a ku Bangladesh, ena a ku Nepal. Aliyense anali ndi kachitini kotsuka bwino m'manja. Palibe amene anali atawauza za malirowo.

"Zaka zonsezi, Lachisanu lililonse, amayi ankawabweretsera mpunga anthuwa," anatero Hasanthi. "Anandiletsa kukuuzani. Ankati mungawakalipire chifukwa cha maondo awo aja."

Bambo wina wa ndevu zoyera anaimirira, nayang'ana kumbuyo kwawo, kumasitepe.

"Nanga amayi?"

Hasanthi anamuuza. Bamboyo anavula kachipewa kake, ndipo anzake anaimirira mmodzimmodzi. Kenako bamboyo anamuyang'anitsitsa Priyantha.

"Ndiwe wa ku Doha uja? Mphunoyi ndi yawo. Ankabwera akuseka okha, amvekere, 'Mwana wanga waimba lero, mpunga ukanandipserera.'"

Hasanthi anapatsa Priyantha kambale kovindikira, komangidwa ndi ulusi wofiira.

"Aka n'ka bambowa. Ali ndi zilonda zam'mimba, ndiye amayi ankawaphikira pambali, popanda tsabola. Ine m'mawa ndangozindikira kuti ndaphika kale."

Priyantha anagwada pakonkire yotentha ija, nakapereka kambaleko ndi manja awiri, monga timaperekera kwa mmonke.