Tebulo Lachinayi

Kwa miyezi itatu Narae ankadya moyang'anizana ndi mayi wa juzi yofiirira, koma dzina lawo sankalidziwa, ndipo mawu awo anali asanawamvepo.

Ntchito ya odzaza malo ndi yotero. Basi imakutengani m'mamawa ku Seoul, kukakutulani ku Paju, m'chinyumba chojambuliramo masewero a pa kanema. Kumeneko kapitawo saitana munthu ndi dzina, amangokuwa kuti, "Wa sikafu yachikasu, tebulo lachinayi!" Mumakhala kumbuyo kwa akatswiri, kumaseka, kumagwedeza mutu, kumayendetsa milomo ngati nkhani yakoma. Koma mawu ayi. Ngakhale timitengo todyera tisagunde mbale, chifukwa makina otola mawu amamva ndi kupuma komwe.

Sewerolo linali la bambo woferedwa amene ankachira pang'onopang'ono chifukwa cha anzake a m'kalesitilanti ka supu. Loweruka lililonse anthu ankalira nalo m'nyumba zawo. Narae ndi mayi wa juzi anali makasitomala a masiku onse a m'menemo. Mayiyo ankamuthirira madzi a m'botolo lobiriwira la mowa, iye n'kulandira ndi manja awiri, n'kuwathiriranso, poti munthu sadzithirira yekha pali mnzake. Wotsogolera sewero akangoti "Dula!" mayiyo ankavula kumwetulira kuja ngati nsapato yothina, n'kukakhala pakona, thaulo kumaso.

Narae anabwera ku Seoul atangomaliza sukulu, akukhulupirira ndi mtima wonse kuti pofika nyengo yotentha nkhope yake ikhala ili pa mabasi. Nyengo zotentha ziwiri zinadutsa. Ankagona m'kachipinda kopanda zenera, koti ukatambasula manja umakhudza makoma onse awiri, ndipo lamulo la m'nyumbamo linali lomwelonso: osasokosa. Ndiye zonse zimene analibe womuuza ankaziuza mayi wa juzi, kamera ikuyenda, ndi milomo yokha, nkhope ikuseka. Mayiyo ankayankha ndi milomo yawo, ndipo Narae ankadzipekera yekha mayankho okoma. Tsiku lina ankawapanga azakhali ake. Tsiku lina mfumukazi yothawa kwawo.

Lamlungu lina amayi ake anaimba foni kuchokera kwawo ku Haenam.

"Ndakuonanso dzulo! Kumbuyo kwa khutu la bambo wolira uja. Ndinaitana ndi mayi a kwa Tak omwe adzaone."

"Amayi, linangooneka phewa."

"Phewa la mwana wanga ndingalisokoneze? Koma mnzako uja wa juzi, amakuyang'ana bwino bwanji! Ndi mnzako weniweni eti?"

Narae anayang'ana khoma. Pochoka kwawo analonjeza kuti akadzangoona kuti ali yekhayekha adzabwerera kukalima kabichi.

"Eya. Timadyera limodzi nthawi zonse."

"Basi, mtima wanga wakhala pansi. Ndinkangoti mwanayu akudya yekha ngati mphaka wa pamsika. Loweruka tikukonza kimichi cha chaka chonse, kabichi mitu mazana awiri yoti tiithire mchere ndi tsabola. Ubwere naye. Ndamugulira kale magolovesi."

Foni inaduka Narae asanapeze bodza lachiwiri.

Lachitatu linali tsiku lomaliza kujambula m'kalesitilanti kaja. Mawa lake akalipentala ankadzagwetsa makoma ake a thabwa. M'basi Narae anaima pafupi ndi mpando wa mayi wa juzi, koma thaulo linali kale kumaso. Pa chakudya chamasana anawapeza akudya atayang'ana kukhoma, ndipo anangodutsa ngati akufuna madzi. Anadzitukwana mumtima. Mawu asanu okha! Nanga pakamwa pake panali pa ntchito yanji?

Kenako kapitawo anaitana odzaza malo onse. Inali mbali imene bambo woferedwa uja amalira koyamba pamaso pa anzake, ndipo aliyense ankayenda chonyang'ama kuti asamusokoneze.

Pojambula ulendo woyamba, Narae ananena ndi milomo: tiyeni kwathu ku Haenam Loweruka. Mayiyo anaseka kopanda mawu, n'kumuthirira madzi.

Ulendo wachiwiri ananenanso, pang'onopang'ono. Mayiyo anagwedeza mutu monga ankagwedezera masiku onse, kugwedeza kosatanthauza kanthu.

"Komaliza aka," anatero wotsogolera. "Tikatha apa, tathana."

Tathana. M'maganizo mwake Narae anaona thaulo lija, basi ija, khamu la pa siteshoni likumeza juzi yofiirira. Anaona magolovesi atsopano ali pa chidebe cha mchere, amayi ake akusuzumira kumbuyo kwake pageti. Kutsogolo kuja katswiri anali atayamba, misozi yeniyeni ikutsika. M'chinyumba monse munali zii.

"Mayi, chonde, tiyeni kwathu mukatithandize kabichi!"

Mawuwo anatuluka osweka, aakulu kuposa mwini wake. Wa makina otola mawu anavula zomvera zake ngati zamuluma. Katswiri anatembenuka, msozi uli lende pachibwano.

"Wa sikafu yachikasu!" Kapitawo anabwera akulumpha zingwe. "Kabichi? Kabichi wa ndani? Munthuyu wakhala akusonkhanitsa misozi imeneyi chiyambire m'mawa! Tuluka! Nanunso a juzi, simungatsale nokha patebulo la awiri. Chotsani tebulo lonselo!"

Panja mphepo ya m'minda yokolola inkalowa mpaka m'mafupa. Basi ya odzaza malo inkadikira anzawo, ndiye awiriwo anayenda kukaima pa siteji ya basi wamba, mayiyo patsogolo, Narae pambuyo ngati mbuzi yogulidwa.

"Zaka khumi ndi zinayi," anatero mayiyo osatembenuka. Mawu awo anali okhuthala, okanda, osafanana n'komwe ndi a mfumukazi. "Ndakhalapo mtembo pa chipale chofewa maola asanu osayetsemula. Lero ndathamangitsidwa chifukwa cha ndiwo zamasamba."

"Pepani kwambiri, mayi."

"Mayi ndani? Ndinakubereka? Unabadwa chaka chanji?"

"Cha nyani."

"Ha! Nyani mnzanga, n'chifukwa chake. Kungoti chaka cha nyani chimabwereranso pakatha zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ine ndinakutsogolera maulendo awiri. Uzinditi achemwali. Ndine Byeon Hyesuk. Pukuta mphunozo."

Narae anapukuta ndi sikafu yachikasu, n'kutchula dzina lake.

"Ndikulidziwa. Ndipo za kabichizo ndinamva ulendo woyamba womwe. Ukanangodikira ndiganize kaye, wapupuluma iwe."

"Munamva?"

"Ungakhale zaka zonsezi ukuyang'ana milomo ya anthu osaphunzira kuiwerenga? Kachipinda kopanda zenera. Mnyamata wa pa sitolo ya buledi amene sakudziwa kuti ulipo. Supu wa ndere wa m'paketi amene unadya wekha tsiku lako lobadwa. Zonse."

Nkhope ya Narae inatentha pa mphepo yonseyo. Ankafuna nthaka ing'ambike. Kenako mkwiyo unamubwerera.

"Ndiye bwanji simunanenepo kanthu? Miyezi itatu!"

A Hyesuk anayang'ana kumsewu.

"Pa kanema ndakhalapo ndi ana aakazi makumi atatu. Amuna anga akwana khumi ndi awiri, ena okongola ndithu. Poyamba ndinkawapatsa nambala ya foni, ndinkawaphikira mazira. Sewero likatha, zii. Palibe ndi mmodzi yemwe anaimbapo. Ndiye ndinagula thaulo."

"Nanga inu mumandiuza chiyani nthawi yonseyi?"

"Mayina a masiteshoni a sitima ya pansi pa nthaka. Njanji yachitatu, kupita ndi kubwerera."

Narae anaseka, kuseka kwa mawu, ndipo kunamudabwitsa ngati wamva mlendo m'chipinda chake. Kusekako kusanathe kunasanduka kulira. Anafotokoza zonse, mosalongosoka: foni ija, lonjezo lija, magolovesi.

"Ndiye wanamiza amayi ako, wandichotsetsa ntchito, tsopano ukufuna ndikaweramire mchere maola asanu ndi msana uwu."

"Eya," anatero Narae.

"Mitu ingati?"

"Mazana awiri."

"Amayi ako akufuna kupha anthu. Nkhumba yowiritsa ikhalapo?"

"Ikhalapo. Ndi nkhono za m'nyanja zomwe. Ndipo aliyense wothandiza amanyamula chidebe chake."

"Ndikudziwa mwambo, sindinabadwire m'basi." Anakanda chikwama ndi chala. "Chimwalirire amayi anga ndimadya kimichi cha m'sitolo. Zaka zisanu ndi zinayi. Chimangomveka pulasitiki."

Basi inatulukira patali, yaing'ono pakati pa minda yopanda kanthu.

"Tamvera, nyani. Usakawauze kuti ndine mnzako, sindikudziwa ngati ndimathabe zimenezo. Ukawauze kuti ndikubwera kudzaona kaye. Ndipo magolovesiwo akhale aakulu, manja anga ndi a bambo anga."

M'basimo munali anthu atatu okha, aliyense pazenera lake. A Hyesuk anakhala pampando wa awiri n'kusendera kuzenera. Anatsegula chikwama, natulutsa thaulo lija monga mwa masiku onse. Analiyang'ana, n'kuliponya pa mawondo a Narae.

"Funda, ukunjenjemera. Tsono za wa buledi uja, yambira poyamba. Tsiku lija unkatafuna, mbali ina inandidutsa."