Kanema Amene Ndinaonetsa Che Sadiki

Ine ndine Blasius, mwini wake wa vidiyo shoo ija ili kuseri kwa chigayo pa Ngokwe. Mukamva chimkuzamawu chikulira masana onse, munthu akumasulira azungu m'Chichewa ngati anakulira nawo limodzi, dziwani kuti ndi ineyo. Chizungu changa n'cha Fomu 2, sindikubisa, koma maso ndili nawo. Mzungu akangotukula nsidze ndimadziwa chimene wanena, ndipo akachedwa kulankhula ndimamulankhulira.

Komatu pa nkhani ya Tikondane ndinali mbuzi yeniyeni.

Tikondane ndi mwana wa mlongo wanga Bernadetta. Amawotcherera zitseko ndi mawindo ku Balaka, mnyamata wa manja abwino, wosamwa, wosasuta. Anakondana ndi Sumaiya kuyambira ali ku sekondale, ndipo chikondi chija chinakana kutha ngakhale sukulu itatha. Vuto linali loti ife ndife Akatolika ochokera ku Rivirivi, pamene Sumaiya ndi Msilamu wa kunyanja ya Chiuta. Kwathu kuno mnyamata sadzifunsira yekha ukwati. Amalume ake amapita kukakhala pakhonde la amalume a mtsikana, n'kukamba. Amalume a Tikondane ndine. Amalume a Sumaiya ndi Che Sadiki.

Che Sadiki, anthuni! Amagulitsa nsomba zouma, milamba ndi makumba. Ndi amtali ngati mlongoti wa netiweki, ndevu zoyera, ndipo mawu amachita kuwaumira. Ukawapatsa moni amayamba akuyang'ana nsapato zako, kenako mawondo, akamafika kumaso iwe waiwala kale dzina lako. Ndiye ine ndipite ndikawauze kuti tipatseni mwana wanu akwatiwe ndi mnyamata wa kolona m'khosi? Iyayi!

“Achimwene, mukupita liti?” Bernadetta ankandiimbira foni sabata ndi sabata.

Ndinkati mvula ithe kaye. Mvula itatha ndinati tikolole kaye. Titakolola ndinati anthu ali pakalikiliki ndi thonje, si bwino kuwasokoneza.

Tsiku lina anaimba osapereka n'komwe moni.

“Zengerezu adalinda kwawukwawu, achimwene. Kwabwera mnyamata wina wochokera ku Joni, wa njinga yamoto yofiira. Amalume ake ayamba kale kuzungulira kwa Che Sadiki. Mwana wanga sakudya, akuwotcherera zitseko zokhota. Mtsikana uja akapita, inu ndi ine tisadzaonanenso.”

Anadula foni. Mlongo wangayo akanena amachitadi, ndimamudziwa.

Sabata yomweyo mnzanga wa ku Liwonde anandiikira mafilimu atsopano mu fulashi. Mwa iwo munali kanema wina wa ana a sukulu a kunja: mnyamata wachizungu ndi mtsikana wachimwenye, kalasi imodzi, makolo osiyana chakudya, osiyana mapemphero, osiyana chilichonse. Ndinaonera mpaka pakati, ana aja atagwirana manja pansi pa mtengo, kenako magetsi anazima. Sindinadandaule. Mafilimu achikondi ndaonetsa ambirimbiri, onse amathera pa ukwati. Apo m'pamene nzeru inandibwerera, nzeru ya munthu wamantha. Ndinati Che Sadiki aonere kanema ameneyu, mtima ufewe, ine ndidzangopita kukakolola.

Tsiku la msika Che Sadiki amabwera ndi madengu awo a nsomba, ndipo akagulitsa amasiya foni kwa ine kuti ilowe moto. Tsiku la msika lotsatira ndinailandira ndi manja awiri, n'kuilumikiza ku soketi imene inafa chaka chatha.

“Itenga kanthawi, Che Sadiki, moto wafooka lero. Lowani mupumule, dzuwali lanyanya.”

Anandiyang'ana nsapato. Kenako analowa, n'kukhala pa mpando wa pulasitiki umene ndinawasungira kutsogolo, ena onse ali pa mabenchi.

Munadzaza anthu tsiku limenelo. Munali Swaibu wa kabaza, amene saphonya filimu ngakhale makasitomala akumudikira panja. Munali a Raymond, mlimi wa thonje, mkulu wa mphakati wathu kutchalitchi. Pakhomo panali Lukiya ndi beseni lake la zitumbuwa. Ameneyo salowa, amaonera pa mpata wa katani, koma ndemanga zake zimamveka kuposa chimkuzamawu changa.

Ndinatenga maikolofoni n'kuyamba. Maina achizungu amavuta, ndiye ndimawapatsa athu. Mnyamata ndinamutcha Brighton, mtsikana ndinamutcha Ayisha.

“Ee, a Blasius, maina a lero mwasankha bwanji!” anatero Lukiya pakatani paja. Anthu anaseka. Ine ndinakweza mawu ngati sindinamve.

Poyamba zinayenda bwino. Brighton anamunyamulira Ayisha mabuku, anthu anati aaa. Anamuperekeza akukankha njinga, Swaibu n'kudzuka pabenchi.

“Njinga yopanda keliyala? Ndiye mkazi amunyamulira pati? Ameneyu sali siriyasi!”

“Khala pansi iwe, ukutitchinga!”

Ayisha anaphunzitsa Brighton kudya ndi manja. Mnyamata analuma tsabola, misozi mbwee, akuthamangira pampopi, nyumba yonse inafa nacho chiseko. Ndinasuzumira Che Sadiki. Nkhope inali gwa, ngati akuwerenga mitengo ya feteleza.

Zinayamba kuonongeka pamene Brighton anaitanidwa kukadya kwa makolo a mtsikana. Mwana uja analowa m'nyumba ya eni osaodira, anakhala pa tebulo limodzi ndi mayi a Ayisha, akuwayang'ana m'maso, akutafuna. Potsanzika anawakumbatira.

“Mayo ine!” Lukiya anakuwa mpaka beseni linapendekeka. “Apongozi kuwakumbatira? Mwana ameneyu analeredwa ndi ndani?”

“Ine apongozi anga ndikawaona panjira ndinkalowa m'munda wa thonje,” anatero a Raymond. “Mpaka anamwalira ndimawadziwa msana wokha.”

“Kwawoko ndi ulemu umenewo,” ndinatero pa maikolofoni.

“Ulemu wa kwa galu,” wina anayankha kumbuyo.

Kenako tinadutsa pamtengo paja, pamene magetsi anandizimira, n'kulowa m'dera limene ineyo sindinaliponde. Bambo ake a Ayisha anawapeza ana aja pa siteji ya basi. Anafiira maso, mitsempha ya m'khosi njo, analoza mnyamata chala, anakokera mwana wawo m'nyumba n'kumenyetsa chitseko.

“Akuti mwana wanga Brighton, lero ndatopa, ubwere mawa tidzakambe bwinobwino,” ndinamasulira motero.

“Bodza, a Blasius!” anatero Lukiya. “Munthu woitana mnzake mawa amamenyetsa chitseko chotero? Ife Chizungu sitimva koma chitseko timamva!”

Makolo a Brighton nawo anayamba zawo, mayi akulira m'khitchini, bambo akubisa makiyi a galimoto. Ine ndinkangodzilimbitsa mtima kuti ukwati uli kutsogolo, mafilimuwa amatero, amayamba akuzunza anthu. Ndinadikira diresi loyera. Ndinadikira keke. M'malo mwake ndinaona siteshoni ya sitima, mvula ikugwa, Ayisha ali ndi sutikesi. Anamupatsa Brighton kampango kake kopukutira misozi, anakwera, sitima inanyamuka. Mnyamata anatsala chiimire, akunyowa ngati nkhuku.

“Musadandaule,” ndinatero. “Akuti ndikupita kaye kumudzi, ndibweranso Lachiwiri.”

Ndisanatseke pakamwa, maina a anthu opanga filimu anayamba kukwera pa sikirini. Yatha. Yatha basi! Ndinalakalaka pansi patang'ambika ndilowe ndi maikolofoni yomwe. Ndinaitana munthu kuti adzaone kuti chikondi chotere chimatheka, n'kumuonetsa ndi maso ake kuti sichitheka.

“Pati thuu ili kuti?” anafunsa Swaibu.

“Palibe.”

“Ndiye mwationetsa maliro masanasana?”

Anthu anatuluka koma sanabalalike. Anaunjikana pamthunzi wa chigayo, aliyense ndi mlandu wake. Swaibu anati mnyamata uja ndi wamantha, akanathamangira sitima ija, iyeyo anathamangitsapo minibasi kuchokera pa Ngokwe mpaka pamlatho chifukwa cha mkazi. Mayi wina anati mtsikana anachita bwino, sukulu kaye, amuna satha. Mnyamata wina anati iye chamukhumudwitsa n'choti filimu yonse palibe amene wamenyedwa. A Raymond anakonza kukhosi, ndipo ine ndinati mkulu wa mphakati wanga andithandiza.

“Filimuyi yanena zoona,” anatero. “Nkhanga ndi nkhuku sizigona khola limodzi. Aliyense akwatire kwawo.”

Ha! Munthu amene ndimamuyatsira jenereta yaulere pa Khirisimasi! Koma Lukiya anaika beseni pansi, manja m'chiuno.

“A Raymond, mazira a nkhanga kwanu kuja amafungatira ndani? Si nkhuku? Ine mayi anga anali a Mpingo wa Chikatolika, bambo anga Msilamu, ndipo ndine pano, zitumbuwa zanga mumadya tsiku ndi tsiku. Mwatsegulapo m'mimba?”

Anthu anaombera m'manja. A Raymond anati iwo amanena za m'filimu. Mkangano unakula, wina uku wina uku, mpaka Swaibu, amene saopa kanthu chifukwa mutu wake ndi wopepuka, anatembenukira kwa munthu yekhayo amene sanalankhule.

“Nanga inu Che Sadiki, mwaiona bwanji?”

Che Sadiki anali ataima pakhomo panga, akumangirira madengu opanda kanthu panjinga yawo. Anamaliza kaye mfundo.

“Yandikwiyitsa,” anatero.

Mtima wanga unagwera m'nsapato.

“Ana aja alibe mlandu. Mnyamata ndi wopusa pang'ono, koma ndi msinkhu. Mtsikana ali ndi khalidwe. Chimene ndaona ine n'chakuti nyumba ziwiri zonse zija, magalimoto, matebulo agalasi, mulibe munthu wamkulu ngakhale mmodzi. Bambo uyu akukalipa m'nyumba mwake, mayi uyo akulira m'khitchini mwake. Ndani anavala nsapato kupita kukakhala pakhonde la mnzake? Ana aja analibe amalume? Mwana akulira yekha pamvula, amalume ake ali kuti?”

“Mwina ali ku vidiyo shoo,” anatero Lukiya, osandiyang'ana n'komwe.

Chiseko chimene chinaphulika apo, mpaka wa chigayo anazimitsa injini kuti amve. Aliyense pa Ngokwe ankaidziwa nkhani ya Tikondane ndi Sumaiya. Wosadziwa kuti anthu onse akudziwa ndinali ine ndekha.

Che Sadiki sanaseke. Anandikodola ndi chala, tinalowa m'kati. Anazula okha foni yawo, anaiyang'ana, ili yozima ngati mmene inabwerera.

“Soketi iyi inafa kalekale, a Blasius. Ndinalipo tsiku limene inapsa.”

Ndinayesa kunena kanthu za mawaya, koma anakweza dzanja.

“Mwandikhazika pa mpando wa pulasitiki ngati mwana wa sukulu, kundionetsa azungu, kuti ndiphunzire za mwana wa mlongo wanga. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Inu mwamva m'mimba chaka chonse, koma mukufuna chitseko chidzitsekule chokha. Kwanga kuli mkango?”

“Iyayi, Che Sadiki. Ndimaopa kuti mukana.”

“Mwina ndikana. Sindinati ndavomera. Pali za tchalitchi, pali za mzikiti, pali za ana amene adzabadwe, pali zoti adzamanga kuti nyumba. Tidzakangana, mwina mpaka dzuwa kupendeka. Koma tidzakanganire pakhonde panga, titakhala pamphasa, ngati anthu. Loweruka likubwerali. Mubwere ndi munthu wina wamkulu wa kwanu, koma asakhale uja wa nkhanga.”

Ndinaseka, misozi ili m'maso, sindikunama. Ndinawaperekeza panja, ndinawagwirira njinga. Atakwera, ndinalimba mtima n'kufunsa chimene chinkandidya.

“Nanga aja a ku Joni?”

Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

“Abwera kawiri. Ulendo woyamba ndinawatumizira mawu kuti ndadwala malungo. Wachiwiri ndinabisala m'bwato pakati pa mabango, udzudzu ukundidya, mkazi wanga akuwauza kuti ndapita ku Mozambiki. Sumaiya ndinamulera ine kuyambira ali wakhanda, ndimadziwa kumene kuli mtima wake. Ndimadikira inuyo. Ine ndi munthu wopemphera swala zisanu patsiku, a Blasius, ndipo ndanama kawiri chifukwa cha mantha anu. Musandichititse kunena bodza kachitatu.”

Anapalasa njinga kulowera njira ya ku Chiuta, madengu akugwedera kumbuyo. Ine ndinatseka shoo dzuwa likanali pamutu, ndinabweza anthu amene ankadikira filimu ya karate, n'kupita kukachapa jekete.