Kadontho Kofiira pa Amplifaya ya a Daka

A Vitalis Daka anakwera minibasi ya ku Nyimba atafungata amplifaya pamiyendo ngati mwana wodwala. Kondakitala atanena kuti aiike kumbuyo pamodzi ndi matumba a mtedza, anamuponyera diso loti sanabwerezenso.

Inali amplifaya yakale ya mavavu, timababu tagalasi tija timene timayamba tatentha n'kufiira gitala isanalankhule. Inawatumikira zaka makumi atatu, poimba jazi m'mahotela a ku Chipata, kenako pamaukwati a ku Minga atabwerera kumudzi. Mawu ake anali onenepa, ofunda, osabaya khutu. Koma kwa zaka ziwiri tsopano mawuwo anali atathawa, gitala inkangomveka ngati yafunditsidwa bulangeti. Tsono Loweruka mwana wawo Tisunge ankakwatiwa, ndipo anapempha chinthu chimodzi chokha: kuti alowe m'holo bambo ake akuliza gitala.

Akazi awo a Juliet anatsagana nawo, ati kukagula nsalu. Tinene pano kuti nsaluyo sanaigule.

Edmond, wokonza mawailesi pafupi ndi msika, anazula mavavu onse, nawayeza limodzilimodzi, n'kuwabwezera m'malo.

"Mavavu ali chabe bwino, a Daka," anatero. "Lizani timveleko."

A Daka anayatsa, nadikira kuti atenthe. Kenako anapotoza kabatani ka mawu akuthwa mpaka kumapeto, monga ankachitira masiku onsewa, n'kukhudza zingwe ndi chala chachikulu. Edmond anakwinya nkhope ngati waluma ndimu. Mayi wina wogulitsa tomato panja anasuzumira kuti aone amene akuzunza anthu.

"Mwamvela?" anatero a Daka mwachisoni. "Yafa iyi. Ilibe moyo."

Edmond anazungulira kumbuyo kwawo, naima pang'ono, kenako anabweretsa dzanja kutsogolo. Linali ndi mpukutu wa makiyi, ndipo ankawagwedeza mwamphamvu. A Daka anawaona makiyiwo akuvina, akugundana, koma kulira kwake sikunafike.

"Nayambila kumbuyo kwa khutu lanu, simunacheuke," anatero Edmond motsitsa maso. "Munasewenzako ku chigayo, bambo?"

"Zaka khumi na zisanu."

Apa a Daka anazindikira kuti phokoso la chigayo linali litawadya makutu. Amplifaya imene anaida, naikalipira, naimenya khofi pamwamba, inalibe mlandu. Kenako manyazi anawagwira atakumbukira maukwati onse aja.

"Nanga zaka ziwili zonsezi nakhala nilasa anthu m'makutu, palibe ananiuza?"

"Simunalase munthu," anatero a Juliet. "Mukapotoza kabatani, ine n'nali kubwela na madzi akumwa, nabweza. Muganiza n'nali kuopa kuti muzafa na ludzu?"

Edmond anaseka, koma a Daka sanaseke. Ulendo wonse wobwerera anangoyang'ana pawindo. Atafika pakhomo anakankhira amplifaya pansi pa tebulo, nanena kuti Tisunge aike nyimbo za pafoni, iwo sangakachititse mwana manyazi pamaso pa apongozi. A Juliet anangoti, "Chabwino," chabwino chake chija chimene a Daka ankachidziwa kuti sichikhala chabwino.

Lachisanu m'mawa a Daka anapeza amplifaya ili pakhonde, mavavu atafiira kale, gitala itatsamira mpando. A Juliet anali chikhalire pambali, atagwira kabotolo ka Tisunge ka utoto wa zikhadabo.

"Atate ake Tisunge, lizani ija munaniliziila pa sitolo ya amalume."

"Sinimvela, amai."

"Sin'nakambe kuti mumvele. Nakamba kuti mulize."

Analiza monyinyirika. A Juliet anatsinzina, dzanja pa kabatani, n'kumabweza pang'onopang'ono. Anapitirira, nabwerera, naimanso. Kwa a Daka gitala inkangomirira m'bulangeti muja, ndipo chala chinkawayabwa. Kenako anaona mapewa a akazi awo akutsika, mutu n'kuyamba kuweyula.

"Apa," anatero a Juliet. "Aya ndiye mau ananichotsa panyumba pa amai anga."

Anadontheza utoto wofiira pomwepo, naupemerera kuti uume.

Loweruka masana holo inadzaza. A Daka anakhala kutsogolo m'jekete yawo yakale, thukuta lili kamukamu. Atakhudza chingwe choyamba anachita mantha, pakuti sanamve kanthu koma kung'ung'udza. Dzanja linanyamuka lokha kupita ku kabatani. Linafika pa kadontho kofiira, linaima.

Anakweza maso. A Juliet anali pamzere woyamba, kapu ya madzi ili chire pamiyendo. Anawayang'ana amuna awo, kenako anawerama n'kuika kapuyo pansi pa benchi.

A Daka anabweza dzanja pa zingwe. Analiza akuyang'ana mapewa aja, ndipo atawaona akutsika anadziwa kuti mawu afika. Pakhomo Tisunge anaima ndi diresi lake loyera, nagwira pakamwa, misozi ili mbwembwembwe. Kenako anayamba kuyenda, phazi lililonse likugwera pamene chala cha bambo ake chagwera.