Kupepesa kwa Madamu Anastasia

Nanga akapepesa, apepesa kwa yani, kwa njovu kodi? Anastasia anadzifunsa ali pampando wapulasitiki pansi pa tenti, thukuta la Okutobala likutsetsereka kumsana, maso ali pa a Cosmas, ahedi a sukulu yawo ya sekondale, amene ankangozungulira ndi jekete lakuda padzuwa la Mfuwe ngati mkamwini wotumidwa ndi apongozi, kuwongola nsalu, kupukuta tebulo lopukuta kale. Mwambo wotsegulira labu ya sayansi unayenera kuyamba m'mawa, koma eni ake a loji ya alendo oona nyama, amene anamanga labuyo, anali asanafike, ndipo ana, makolo ndi akuluakulu a maphunziro ochokera ku boma ankadikira osadandaula, poti wodikira mphatso sayang'ana dzuwa.

Mlandu wake unali wochepa moti ankachita manyazi kuutchula mlandu. Iye ndiye ankayang'anira kalabu ya dibeti, ndipo sabata yapitayo anapatsa ana mutu woti atsutsane: kodi nyama za m'paki zimapindulitsa anthu a m'chigwa chino? Juliet, mtsikana wa giredi 11 wochokera ku Nsefu, amene bambo ake anapondedwa ndi njovu akulondera chimanga, anaimirira n'kunena mofatsa, osagwetsa msozi, kuti njovu ikafa ndege imatera tsiku lomwelo, koma bambo ake atafa kunabwera njinga, ndipo njingayo inabwera maliro atatha. Wina anajambula pafoni, mawuwo anayenda mpaka anakafika ku loji, ndipo dzulo a Cosmas anaitana Anastasia mu ofesi, n'kutseka chitseko ndi zenera lomwe.

"Madamu, mawa mungonena mawu ochepa. Kuti mwana analankhula mwachibwana, ndipo inu simunasankhe bwino mutu. Kalabuyo tiyambe taimitsa."

"Ananama pati?"

"Sindinati ananama. Koma mukudziwa amene amamulipirira sukulu."

Ankadziwa, inde, kuti ndi a loji, ndipo n'chifukwa chake ankawanyoza kwambiri a Cosmas, chifukwa a loji sanapemphe kuti wina apepese, iye anali wotsimikiza za zimenezo — mwina anangofunsa kuti kodi vidiyoyi njotani, mwina anaseka n'kuiwala — koma a Cosmas, munthu wamadigiri awiri, anamva kutsokomola kwa bwana n'kuthamangira kukakumba manda. Mantha otere sachita kulamulidwa, amadzilamula okha, amadzuka m'mawa n'kudzimanga tayi. Ndipo ngati anapemphadi? Ngati mayi wa lojiyo, yemwe amakumbatira atsikana pojambulitsa zithunzi n'kumawatcha ana ake, anaimbadi foni ndi mawu okoma aja, onena kuti iwo sakukakamiza munthu ayi, kungoti alendo awo akunja sakonda nkhani zotere? Pamenepo ndiye labu yonseyo inali chigamba chotsekera pakamwa, chopakidwa penti yoyera.

"Mwaswera bwanji, madamu?" anatero a Benwell, mphunzitsi wa mbiri yakale, n'kudumpha mpando wopanda munthu umene unali pambali pake, kukakhala wotsatira.

"Ndaswera."

A Benwell amenewa ndi amene amanjenjemera mawu m'kalasi pophunzitsa za omenyera ufulu, amene amamenya choko pabolodi mpaka kuthyoka, ndipo m'mawa womwewu, kuseri kwa thanki yamadzi, atayang'ana uku ndi uku, anamunong'oneza kuti tonse tili kumbuyo kwanu. Kumbuyo, ndithu, kutali kumbuyo, kumene fumbi silifika. Aphunzitsi onse pamzerewo anali otero, anthu owerenga, odziwa kutchula ndime ya malamulo a dziko yonena za ufulu wolankhula, amene amailemba pabolodi kuti ana akaiyankhe pa mayeso n'kuifufuta belu likalira. Ngakhale makolo ovala zitenje zatsopano kumbali uko, amene nkhokwe zawo zimagwetsedwa chaka ndi chaka, amene kumidzi amatukwana njovu ndi eni ake omwe, lero anabwera atakonzekeratu manja oombera.

Koma iye anali ndani kuti awanyoze? Funsoli linamubwerera ngati chilungulira. Iye amene usiku sanagone poganizira, osati za Juliet ayi, koma za nyumba yake yamagetsi pafupi ndi msewu wa tala, za mwana wake wa chifuwa cha mphumu amene kuno chipatala amafikako wapansi, ndi za masukulu a kuseri kwa Msoro kumene amatumiza aphunzitsi ovuta, kumene mvula ikagwa msewu umasanduka mtsinje. Komanso, mutu uja anausankha akudziwa kuti Juliet ali m'kalabu, akudziwa bala lake — kodi ankafuna kuti ana aphunzire kuganiza, monga wakhala akudziuzira, kapena ankafuna kuti mwana wamasiye anene zimene iye mwini, wa malipiro a boma, sanayerekezepo kunena? Ayi, si choncho, mwanayo anakweza yekha dzanja, palibe anamukankha, ndipo sukulu imene mwana sangatchulemo imfa ya bambo ake si sukulu, ndi khola. Komabe Anastasia anamva kukoma tsiku lija, anamva ngati wolimba mtima, ataima kumbuyo kwa kalasi, manja ali m'khwapa.

Dzuwa litapendeka, magalimoto awiri otsegula pamwamba, aja oonera nyama, analowa pageti, ndipo tenti yonse inaimirira nthawi imodzi ngati yakokedwa ndi chingwe. Nayenso anapezeka ataimirira, miyendo yake itamugulitsa asanaganize. Kwaya inayamba nyimbo yolandira alendo, ndipo pamzere wakutsogolo, pamene a Cosmas anamuika dala kuti aonekere, panali Juliet, yunifomu yosita bwino, akuomba m'manja motsatira anzake, pakamwa pakutseguka koma Anastasia sanathe kudziwa ngati mukutuluka mawu.

Zolankhula zinayenda monga zimayendera. Mkulu wa maphunziro anathokoza, wapampando wa makolo anathokoza, a Cosmas anathokoza mpaka mawu anasasa. Mayi wa loji analankhula mwachidule, anayesa Chinyanja, anthu anaseka mokondwa, ndipo choipa kwambiri n'chakuti ankaoneka munthu wabwino, wotopa ndi kutentha ngati wina aliyense. Pazenera la labu pankaoneka matebulo atsopano ndi mipopi yonyezimira, zinthu zimene Anastasia anazilakalaka zaka zonse zimene ana ake ankaphunzira za moto wa m'labu pojambula chithunzi chake m'kope.

"Tisanadule riboni," anatero a Cosmas, "Madamu Anastasia ali ndi mawu pang'ono."

Anayenda kupita kutsogolo. Maikolofoni anali ofunda, onyowa ndi thukuta la m'manja mwa ahedi. Juliet anali atasiya kuomba m'manja, akumuyang'ana osaphethira, osapempha kanthu, ngati mmene mwana amayang'anira mphunzitsi podikira yankho loti alembe. Anastasia anakoka mpweya, ndipo masipika anaukuza mpweyawo n'kuumwaza bwalo lonse. Ndipo kuseri kwa tenti anaona mlonda wa pasukulu atanyonyomala pa jenereta yopatsa moto masipika, maso ali pa a Cosmas, chala chili kale pa switchi.